Ulimba umene Malizani anabisa

Inu amene mumamva kutentha m'chifuwa dzina la mnzanu likatchulidwa pa wailesi, nkhani iyi ndi yanu. Musachite manyazi, tilipo ambiri. Imvani zomwe zinamuonekera Malizani wa ku Bangwe, katswiri wopanga mabiti, zoimbira zija woimba amayalapo mawu ake.

Tsiku limene anachotsedwa ntchito dzuwa linali likuswa mtengo. Anali pa kompyuta mu situdiyo ya a Godfrey ku Zingwangwa, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwake kunaima mayi wina woimba nyimbo zauzimu, amene analawirira kuchokera ku Machinjiri. Mayiyo anangopempha chinthu chimodzi chokha.

"Achimwene, mundibwezeremo ng'oma ija munaika sabata yatha. Imene ija ndinaikonda."

Malizani anatsekula foda, n'kuitseka. Anatsekula ina. Mafayilo ake anali ndi mayina ngati "yatsopano", "yatsopano 2", "yomaliza", "yomaliza yeniyeni", "aaa", "osatsekula". Akadina apa, kumalira lipenga. Akadina apo, kumamveka munthu akutsokomola pa maikolofoni. Mphindi makumi anayi zinatha, ng'oma ija osaoneka.

Mayi uja anatola chikwama chake. "Ine ndasiya mwana kwa aneba. Ndikupita ku Chitawira kwa Rejoice. Kumene kuja ukati ng'oma, usanatseke pakamwa yalira kale."

A Godfrey sanakalipe. Anadikira mayiyo atuluke, kenako anati, "Ameneyu ndi wachinayi mwezi uno, Malizani. Luso uli nalo, sindikukana. Koma ine sindingadyetse ana ndi luso losowasowa. Tenga zako."

Zake zinali kadiraivi kakuda kosungiramo mafayilo, basi. Anakaika m'thumba la buluku n'kutsetsereka kukakwera minibasi. Ndipo ndikuuzeni zoona, chimene chinkamuwawa panjira sichinali ntchito yathayo ayi. Linali dzina lija. Rejoice! Mwa anthu onse a mu Blantyre muno, Rejoice!

Kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Malizani anali mwana wamasiye. Makolo ake onse anamwalira iye ali Sitandade 3, ndipo anamulera ndi a Laurenti, akulu awo a malemu bambo ake, amene iye ankangowatchula kuti Ababa. A Laurenti anachoka ku Ngabu kudzagwira ntchito ya ulonda ku Limbe, koma anabwera ndi chinthu chimodzi chimene sankalola munthu kukhalira: ulimba wawo. Anali matabwa makumi awiri ndi awiri oyalidwa pamzere, pansi pake pali zipanda zimene zimachititsa liwu kunjenjemera. Ukwati uliwonse wa anthu a kuchigwa okhala ku Bangwe sunkakoma popanda a Laurenti.

Kusukulu Malizani zinamukanika. Mayeso a Fomu 4 analemba kawiri, kawiri konse anagwa. Koma khutu, abale inu, khutu anali nalo. Nyimbo akaimva kamodzi pa minibasi, pofika kunyumba amakhala ataigwira yonse. Anaphunzira kiyibodi kutchalitchi, a Godfrey anamuona, n'kumutenga.

Rejoice anabwera pambuyo pake. Anali mtsikana wa ku Kanjedza wogulitsa mu shopu ya zomangira nyumba ku Limbe, ndipo ku situdiyo ankangobwera kudzathandizira oimba kuvomera makolasi. Tsiku lina anapempha Malizani kuti amuphunzitseko. Malizani anavomera mokondwa, poti kuphunzitsa munthu amene sungamuope n'kokoma. Mtsikanayo ngakhale kugwira mausi sankatha.

Koma Rejoice anabwera ndi chizolowezi cha ku shopu, kumene msomali wa mainchesi atatu sugona m'kabati imodzi ndi wa mainchesi anayi. Liwu lililonse analipatsa malo ake. Ng'oma zonse foda yawo, ndipo m'kati mwake zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha, maseche paokha. Besi foda yake, magitala yawo, mawu a oimba yawo, dzina la woimba ndi tsiku zili pompo. Akatsekula nyimbo mu pulogalamu, mizere ya ng'oma imakhala yofiira, ya besi yobiriwira, ya mawu yachikasu.

Malizani ankafa nazo ndi phwete. "Iwe, kuno si kogulitsa misomali! Nyimbo imafuna mzimu, osati mashelefu."

Chaka chisanathe, oimba anayamba kulowa pakhomo n'kufunsa kuti, "Sisi aja alipo?" Malizani ali pompo, atakhala pampando! Mtima unamuwawa koopsa. Ndipo m'malo modzifunsa, anapeza yankho losavuta: mtsikanayu akundibera. Paja onse awiri ankagwiritsa ntchito kompyuta imodzi.

Tsono panali chuma chimodzi chimene Malizani ankachisamala kuposa zonse. Loweruka lina anatenga maikolofoni kupita nayo ku Bangwe, n'kujambula ulimba wa a Laurenti thabwa limodzilimodzi, kuyambira lolira pansi mpaka lolira pamwamba. Ankalota kuti tsiku lina adzayala mawu amenewa pa kiyibodi, akhale ndi chida chimene wopanga mabiti wina aliyense alibe. Ataona Rejoice akukwera, anachita mantha kuti chimenechinso chipita.

Ndiye anachita zimene anthu a kaduka timachita. Anabisa. Thabwa lililonse analisintha dzina n'kuliponya kwalokha. Lina analowetsa mu foda ya "zithunzi za maliro", lina mu "kalata yofunsira ntchito", lina analitcha manambala opanda mutu. Ena anaika pa diraivi yake, ena anawasiya pa kompyuta ya situdiyo. Atalawa kukoma kwake, anayamba kubisa chilichonse, ng'oma, malipenga, zonse. Sanalembe paliponse. Ankati, "Mutu wangawu ndi buku."

Rejoice sanachedwe, anatsanzika n'kukatsekula situdiyo yake ku Chitawira. Malizani anatsala ndi chisokonezo chake, mpaka tsiku lija a Godfrey anamuuza kuti atenge zake.

Ntchito imene anapeza inali ya pa benchi pa msika wa Bangwe: kuikira anthu nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi pa kalaputopu kothyoka kona. Apa ndiye nsanje inamuphika bwinobwino. Pa anthu khumi obwera pa benchipo, asanu ankanena mawu amodzimodzi.

"Amwene, mundiikire zatsopano zija wapanga Rejoice."

Tangoganizani! Dzanja lomwe linamuphunzitsa kugwira mausi ndi lomwe tsopano linkagawa nyimbo zake kwa anthu, tsiku ndi tsiku, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pa sipika ya ogulitsa kaunjika, Rejoice. Pa kabaza wanjinga yamoto, Rejoice. Malizani ankakukuta mano. Nthawi zina ankanama kuti nyimbozo alibe, kasitomala n'kupita pa benchi ina. Nthawi zina pakamwa pankamuyabwa.

"Mukuona ngati ndi nzeru zake? Zonsezi anaba kwa ine. Ndikanakhala munthu woipa bwenzi nditamutengera kukhoti."

Anthu ankangogwedeza mutu, ena kuseka akatembenuka. Iye ankadziwa pansi pa mtima kuti sanamvepo liwu lake ngakhale limodzi m'nyimbo za mtsikanayo. Ankamvetsera ndi mahedifoni, kufunafuna poti amugwirire, osapapeza. Ndipo kusapeza kumeneko kunkamupsetsa mtima kwambiri kuposa akanapeza.

Kunyumba nako zinthu zinali zitasintha. A Laurenti anagwa kuntchito ndi matenda opha ziwalo, dzanja lamanja linafa, kulankhula kunayamba kuvuta. Ulimba unaimikidwa kuseri kwa nyumba. Mvula inaupeza komweko, chiswe chinamaliza zotsala. Pomwe ankauvundukula, matabwa ankangofumbutuka m'manja.

Kenako Veronica, mwana wamkazi yekhayo wa a Laurenti, anapeza banja. Ukwati anaukonza kuti udzachitike mu Ogasiti, patatsala miyezi itatu. Lamulungu lina atabwera kutchalitchi, a Laurenti anakhala pakhonde n'kumayang'ana dzanja lawo lakufalo.

"Ana a eni ake ndinawaimbira onse," anatero pang'onopang'ono. "Wanga yekha adzakwatiwa ndi nyimbo za m'sipika. Mwananga, zimenezi zikundiwawa kuposa dzanjali."

Malizani anadzuka msangamsanga. "Ababa, musadandaule. Ulimba wanu sunafe, uli mu kompyuta. Pa ukwati wa achemwali udzalira, ndikulonjeza."

Nkhope ya mkuluyo inawala. Anaitana Veronica kuti amve yekha. Pofika madzulo, theka la anthu a kuchigwa a ku Bangwe anali atamva kuti ulimba wa a Laurenti wauka.

M'mawa mwake Malizani analumikiza diraivi ija ku laputopu. Munali mafayilo oposa zikwi zisanu ndi zinayi. Analemba mawu oti "ulimba" pofufuzira, sipanatuluke kanthu. Nanga pakanatuluka chiyani, mwini wake anafufuta dzinalo ndi manja ake? Buku la m'mutu lija linali litanyowa kalekale. Tsiku lonse anapeza matabwa awiri okha, nawonso mwangozi.

Anagwira njakata. Munthu amene ankamubisira zinthu anali ku Chitawira akudya bwino, ndipo wobisiridwa weniweni anali iye mwini.

Njira inali imodzi yokha, ndipo inali yowawa: kumvetsera fayilo iliyonse, imodziimodzi, kuipatsa dzina loona, n'kuiika pamalo pake. Anapanga foda ya ng'oma. Anapanga ya besi, ya malipenga, ya mawu a oimba. Atapanga yachisanu anaima, n'kutsonya kwambiri moti mayi wogulitsa tomato pafupi naye anatembenuka. Anali akuchita ndendende zija ankamuseka nazo Rejoice.

"Mashelefu a misomali," anadziuza yekha. "Ha, dziko ili!"

Koma sanasiye. Ankafika pa benchi anthu asanayambe kuyala malonda, mahedifoni kumutu. Kasitomala akabwera amamuthandiza, akachoka amabwerera pomwe analekera. Magetsi akathima, amalemba m'kope mayina oti adzapereke akayaka. Makutu ankalira okha. Masiku ena ankamvetsera mafayilo mazana atatu osapeza thabwa ngakhale limodzi, n'kufuna kuiponya laputopuyo mu ngalande. Akafika kunyumba a Laurenti amamufunsa ndi maso okha, iye n'kunena kuti, "Zikuyenda, Ababa." Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata yachitatu anapeza ng'oma ija inamuchotsetsa ntchito. Inali mu foda yotchedwa "nsapato". Anaseka mpaka misozi, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

Patatha masabata asanu ndi limodzi, fayilo yomaliza inalowa m'malo mwake. Diraivi inali yoyera ngati pabwalo posesa. Anawerenga matabwa: khumi ndi asanu ndi anayi. Anawerenganso. Atatu panalibe, ndipo anali atatu olira pansi kwambiri, amene amanyamula nyimbo yonse. Ulimba wopanda amenewo uli ngati ndiwo zopanda mchere.

Apa anakumbukira. Atatu amenewo, poti ndiwo anali okoma koposa, anawakwirira mozama pa kompyuta ya situdiyo. Anathamangira ku Zingwangwa.

"Kompyuta yakale ija?" anatero a Godfrey. "Ndinagulitsa nditagula yatsopano. Anaitenga Rejoice, amati aziphunzitsirapo atsikana."

Malizani anatembenuka. Anatuluka osatsanzika n'komwe.

Kupita ku Chitawira? Ndani, iye? Bola kufa! Anabwerera pa benchi n'kuyesa nzeru zina. Anatenga thabwa lapakati, n'kulitsitsa liwu ndi pulogalamu mpaka linamveka lalikulu. Anachita chimodzimodzi katatu. Kwa munthu wamba zinali bwinobwino. Anapita nazo kunyumba, n'kuwaveka a Laurenti mahedifoni.

Mkuluyo anamvetsera matabwa enieni aja akumwetulira. Atafika pa atatu opangawo, nkhope inagwa. Anavula mahedifoni ndi dzanja lamanzere.

"Awa si anga. Uyu ndi mwana wavala jekete la bambo ake."

Veronica, amene ankasita zovala pafupi, anamukokera Malizani kuseri. Veronica sankadziwa kuzungulira nkhani.

"Achimwene, a Godfrey ndinakumana nawo ku Limbe, andiuza zonse. Inu mukufuna Ababa achite manyazi pamaso pa anthu chifukwa choti simungathe kugogoda pachitseko cha mtsikana? Nsanje yanuyo yakudyetsani chiyani zaka ziwiri zonsezi? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pitani."

Malizani anapita Lachinayi masana. Atafika pa geti, matenda ake anayambiranso. Chikwangwani chopakidwa bwino. Oimba anayi atakhala pa benchi kudikira nthawi yawo, mmodzi mwa iwo mayi wa ku Machinjiri uja. M'kati makoma okutidwa ndi thonje, masipika awiri akuluakulu, mpando wozungulira. Chilichonse chimene diso lake linagwera chinkamulasa. Zonsezi zikanakhala zanga, ankatero mumtima, zanga ndithu.

Rejoice anatembenuka ndi mpando wake. "Eee, aphunzitsi! Lero mvula igwa. Mwabwera kudzanditengera kukhoti kuja?"

Malizani anafuna pansi patang'ambika. Anayang'ana nsapato zake, n'kufotokoza zonse: dzanja la a Laurenti, chiswe, ukwati, matabwa atatu.

Rejoice anadzuka pampando. Anapita pa kompyuta yakale ija pakona, anadina katatu. Panatuluka foda yolembedwa kuti "Za Malizani", m'kati mwake "Ulimba", m'kati mwakenso mafayilo atatu. Anadina yoyamba. Liwu lalikulu lonjenjemera linadzaza chipinda, moti oimba a panja aja anasuzumira pawindo.

"Nditagula kompyutayi ndinamvetsera zonse zinali m'menemu, ndi khalidwe langa," anatero. "Awa ndinawapeza mu foda ya mapepala a mayeso a Fomu 4. Ndinadziwiratu kuti ukubisira ine."

"Ndiye... sunawagwiritsepo ntchito?"

"Ndinkafuna, usaone ngati ndine mngelo. Liwu ngati ili ndilibe, ndipo khutu lojambula chonchi ndilibenso. Koma si zanga." Anatulutsa fulashi m'kabati. "Zomwe umalankhula pa msika wa Bangwe zimandipeza, Malizani. Ine ndinakuberapo chiyani? Tchula chimodzi."

Mawu amene anatuluka pakamwa pa Malizani anali olemera kuposa thumba la simenti.

"Palibe. Sunandibere kanthu. Zinkangondiwawa kuti wandipitirira. Pepa."

"Pepa wa m'chipinda sindimufuna. Unandinyozera pa msika, ukandiyeretsere pa msika pomwepo."

Anakopera matabwa atatu aja mu fulashi ija n'kumupatsa. Ndipo musaganize kuti Malizani anatuluka atachira. Ayi ndithu. Panjira ankaganizabe za kudina katatu kuja, katatu kokha, pomwe iye zinamutengera masabata asanu ndi limodzi, ndipo mtima unkamuwawabe. Koma mawa lake kasitomala woyamba atapempha nyimbo za Rejoice, Malizani ananena mokweza kuti a tomato ndi a kaunjika amve: "Zija ndinkanena zija ndinkanama. Mtsikana uja ndi nzeru zake." Anabwereza mawu amenewa kwa sabata yathunthu.

Ntchito yotsala anaigwira ndi a Laurenti pakhonde. Anabwereka kiyibodi ya kwaya, n'kuyamba kuyala matabwa aja pa makiyi, kuyambira kumanzere. Pulogalamu inkafuna kuwongola mawuwo kuti afanane ndi a piyano, koma Malizani anaikaniza, poti ulimba uli ndi mayendedwe akeake. Akaliza thabwa, mkulu uja amatseka maso n'kuloza ndi chala kuti lipite patsogolo kapena m'mbuyo.

Pamenepo ndi pomwe Malizani anadziwa chinthu chimene sanachidziwe zaka zonse anakulira m'nyumbamo: a Laurenti thabwa lililonse analipatsa dzina. Lotsika kwambiri linali Nkhalamba. Lotsatira linali Mvuu. Lachitatu linali Apongozi, "chifukwa akayamba kulankhula sasiya msanga." Kumtunda kunali Namwali, Mpheta ndi ena otero. Malizani analemba zonse, nambala kutsogolo, dzina pambuyo, ndipo anasunga m'malo atatu osiyana. Kenako anamata timapepala pa makiyi atatu a kumanzere.

"Amenewa ndi anu, Ababa. Dzanja limodzi likukwana."

A Laurenti anayang'ana dzanja lawo lamanzere ngati akuliona koyamba. Anakana masiku awiri, akuti anthu adzawaseka. Tsiku lachitatu Malizani pobwera ku msika anawapeza atayatsa okha kiyibodi, akulimbana ndi Mvuu.

Tsiku la ukwati holo inadzaza. Nyimbo za m'sipika zinalira, anthu anavina, mphatso zinaperekedwa. Kenako woyendetsa mwambo anapempha bata. Anthu awiri anawagwira a Laurenti m'mapewa n'kuwakhazika kutsogolo kwa kiyibodi, Malizani anakhala kumanja kwawo. Ena kumbuyo anayamba kunong'onezana kuti ulimba wake uli kuti, poti ankangoona chida cha kutchalitchi.

Mkuluyo anakweza chala m'mwamba. Chinatsika pa Nkhalamba.

Liwu lija litatuluka, mayi wina wachikulire wa ku Nchalo anakuwa ngati walumidwa. Nkhalamba, Mvuu, Nkhalamba, Apongozi. Poyamba ankaphonya, kenako dzanja linakumbuka. Malizani analowa ndi matabwa a pamwamba, manja onse awiri, monga ankaonera ali mwana. Nthungululu zinang'amba denga. Amayi anamanga zitenje m'chiuno, mipando inakankhidwira kukhoma, ngakhale akuchimuna amene sankadziwa kavinidwe kake analowa m'bwalo.

Veronica anatsika pa tebulo la akwati, chovala choyera chikukwekwereka pansi. Sanapite kukavina. Anagwada pafupi ndi bambo ake, n'kugwira dzanja lawo lakufa lija, kulisunga pachifuwa pake nyimbo yonse, misozi ikuchotsa zodzola kumaso. A Laurenti sanasiye kuimba. Nyimbo itatha anatembenukira kwa Malizani, ndipo pakamwa pawo povuta paja panatuluka mawu amodzi othokozera a kwawo kuchigwa, omveka bwinobwino.

"Takhuta, mwananga."

Lero Malizani ali ndi kasitudiyo kake ku Bangwe, chipinda chimodzi kuseri kwa telala. Amayenda ndi maikolofoni m'midzi ya kuchigwa kujambula ng'oma, zitoliro ndi mabangwe a akuluakulu, ndipo liwu lililonse limalowa ndi nambala, dzina la chida, dzina la mwini wake ndi mudzi wake. Oimba ofuna nyimbo yonunkhira kwathu amamufunafuna, ena amachita kutumizidwa ndi Rejoice amene. Woimba akapempha ng'oma ya sabata yatha, amaipeza asanakhale pansi.

Dzina la Rejoice likadali lalikulu kuposa lake, ndipo mwina lidzakhala choncho. Ndinamufunsa ngati zimamuwawabe. Anaseka n'kunena kuti, "Zimabwera, bwanji osabwera? Koma zikabwera ndimatsekula kompyuta n'kugwira ntchito yanga."

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina munagwa mayeso, mwina anakuchotsani ntchito, mwina amene munamuphunzitsa ndi amene akukulembani ganyu lero. Zimawawa, sindikunamizani. Koma taonani bwino ngati chimene mukuti anakuberani simunachikwirire nokha. Mphatso yanu ilipo, yangosowa posungira. Khalani pansi, yambani ndi fayilo imodzi, muipatse dzina lake loona. Pofunika kugogoda pachitseko cha amene mumamuchitira kaduka, gogodani, simufa. Pali munthu wina kwanu amene akudikira kumva chimene inu nokha mungalize. Musataye mtima, ndipo musamuchedwetse.